Atate Saponda Udzu

Atate anga saponda udzu. Aliyense wa ku George, komboni ya ku Lusaka, amene anagulako mbaula kwa iwo, ba Zuze, amadziwa zimenezi. Akatuluka m'nyumba amayenda pakati penipeni pa njira, pamene pali mapazi a anthu ena, ndipo minibasi ikabwera amangosendera pang'ono m'fumbi momwemo mpaka woyendetsa atope kuliza hutala n'kuwalambalala. Khasu sanaligwirepo chibadwire ine. Ngakhale kumanda amaima pamene ena aima kale.

Chifukwa chake n'chachifupi. Anabadwira ku Angonia, m'dziko la Mozambique, m'munsi mwa phiri la Domwe. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni anthu a m'mudzi mwawo ankabisala m'phirimo. Tsiku lina akutsika ndi mng'ono wawo Kandido, mbuzi imene ankaikoka inapulumuka n'kulowa m'udzu. Kandido anaitsatira. Anaponda bomba lokwiriridwa pansi, Atate akuona. Mbuziyo inatuluka yamoyo. Atate anathawira ku Dedza, kenako ku Lusaka kwa amalume awo, ndipo anakhazikika ku George chifukwa, mwa mawu awo, kumeneko kulibe malo amene munthu sanapondepo.

Kwa zaka zoposa makumi atatu khalidweli linali nthabwala ya pabanja. Linasiya kuseketsa chaka chino. Mvula ya mu Febuluwale inalowanso m'nyumba, itasakanikirana ndi za m'zimbudzi za komboni yonse, ndipo Amayi anati zakwana. Ali ndi puloti ku Chongwe, ndipo mlongo wanga anawamangirapo chipinda chimodzi. Tinapita ndi Atate kuti akaone. Anayang'ana kanjira kopapatiza, udzu wofika m'chiuno uku ndi uku, n'kukana kutsika m'galimoto. Pasaka itatha Amayi anasamuka okha.

"Ine sinizafela mu madzi ya chimbudzi," anatero akumanga mapoto m'chitenje. "Ngati batate banu bafuna mkazi, badziwa kwamene nili."

Atate anakhala okha m'nyumba yonunkha chinyezi mpaka mu Juni. Kenako anandiitana.

"Lusiya, unipeleke ku Domwe. Nikakwela phili lija n'kutsika na miyendo iwili, nizayenda ku Chongwe. Nikalephela, uzauza amai ako kuti asaniyembekeze."

Umu ndi mmene ukwati wa makolo anga unakhalira pa tikiti ya basi.

Ndinagwirapo ntchito ku nyuzipepala, ndinkalemba nkhani za m'makhoti, ndipo chizolowezi sichitha: ndisanapite kulikonse ndimayamba ndafufuza. Ndinapeza kuti njira yosavuta si ya ku Katete ndi Tete, koma yodutsa m'Malawi: Chipata, Mchinji, Lilongwe, Dedza, kenako Ulongwe. Malire awiri, ndalama za mitundu itatu. Ndinapeza kuti Domwe ndi lalitali mamita opitirira 2,000, ndipo Angoni anakhazikika m'munsi mwake asanafalikire ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ndinapezanso kuti boma la Mozambique linalengeza kale kuti ntchito yochotsa mabomba inatha, ndiponso kuti ochotsa mabomba amapaka miyala utoto: wofiira kumene kuli ngozi, woyera kumene ayeretsa. Mfundo yomalizayi ndinaikonda kwambiri, ndipo ndinaipereka kwa Atate ngati mankhwala.

"Batate, ni vosavuta. Tikaona mwala wofiila, tibwelela. Ngati kulibe, kuli chabe bwino."

"Wofiila, tibwelela," anabwereza. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa lamulo lomveka.

Tinanyamuka ku George m'mamawa, azimayi atangoyamba kufola ndi zigubu pampopi. Kusiteshoni ya mabasi akuluakulu oitanira anatilanda chikwama tisanatsegule pakamwa. "Chipata manje manje! Mudala, apa, apa, iyi iyenda manje!" Basi imene inkanyamuka manje manje inakhala chiimire mpaka dzuwa litakwera. Injini inali kulira, woyendetsa kulibe. Mlaliki analowa, anatipempherera kuti tisafere panjira, n'kuyendetsa chipewa. Ine ndinkangoyang'ana khosi la Atate. Ali ndi bipi, matenda othamanga magazi, ndipo ikakwera mtsempha wa pakhosi umaonekera.

Pampando wa kutsidya kwa kanjira panakhala mayi wonenepa, ba Enelesi, wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, amene ankapita ku Katete ndi mabelo awiri. Tisanatuluke mumzinda anali atadziwa kale dzina langa, zoti sindinakwatiwe, ndi zoti nsapato za Atate ndi zatsopano.

"Bamudala bavala monga bayenda kukatenga mkazi wachiwili," anatero.

"Woyamba ndiye anivuta," anayankha Atate, osaseka.

Chongwe ili pa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Lusaka, pamsewu womwewo. Titafika pamenepo Atate anatembenuzira nkhope kwina. Foni yanga inalira. Anali Amayi, ngati kuti anaiona basiyo.

"Mwapitilila?"

"Manje manje."

"Bamwa mankhwala?"

"Bamwa."

"Usabapatse nsomba ya pa Luangwa, ili na mchele." Anadula osapempha kulankhula nawo.

Pa Luangwa basi inaima kuti anthu adye. Malo ogulitsira nsomba zouma, mitanga ndi mphasa afola mbali zonse ziwiri za msewu, ndipo pansi ponse ndi popondedwa, choncho Atate anatsika momasuka. Ndinawauza kuti kumunsi kwa mlathowo mtsinje wa Luangwa ndiwo malire a Zambia ndi Mozambique. Sindikudziwa chifukwa chake ndinawauza. Anasiya tiyi wawo theka, n'kubwerera m'basi.

Tinaoloka mlatho n'kuyamba kukwera zitunda zopita ku Kacholola. Pa chitunda china basi inatsokomola, fungo la labala wopsa linalowa m'mawindo, ndipo tinaima. Lamba wa injini anali ataduka. Lamba wina wapadera sananyamule. Kondakitala anathyola nthambi n'kuziyala pamsewu kumbuyo ndi kutsogolo, woyendetsa anakwera pachulu kukafuna netiweki, ndipo tinauzidwa kuti lamba abwera ndi basi ya m'mbuyo. Itiyo, sananene.

M'basi munayamba kutentha. Anthu onse anatsika, anadumpha ngalande, n'kukakhala m'udzu pansi pa mitengo. Ena analowa mkati mwa tchire. Atate anatsika n'kuima pa phula, pambali pa tayala lakutsogolo, ndipo sanasunthe. Malo amenewo msewu ndi wopapatiza ndiponso wokhota. Malole a mafuta ankatulukira pakona akuliza hutala, mphepo yawo ikukupiza jekete la Atate.

"Batate, bwelani kuno ku mthunzi."

"Nili bwino."

"Muzagundiwa."

"Lole niiona ikubwela."

Ndinapita kukaima nawo, mbali ya malole.

Ba Enelesi anafuula ali pansi pa mtengo, akusenda nthochi. "Bamudala, muyopa njoka? Mwamuna mukulu so! Bwelani, nizakugwilani dzanja!" Anthu anaseka. Mnyamata wina wa jekete lachikopa anati mwina mudala ali ndi chizimba chimene chimamuletsa kuponda dothi la kum'mawa. Anasekanso.

Dzuwa linapendeka. Ndinaona Atate akusinthasintha miyendo. Mankhwala a bipi amene amamwa amakodzetsa, ndipo pa Luangwa sanapite. Amuna onse anali atathandizika m'tchire. Iwo anayang'ana ngalandeyo, anayang'ana udzu, nkhope ikuchita thukuta m'nyengo yozizira. Sindinadziwe chochita. Mwana wamkazi sauza bambo ake zoterezi.

Anaziona ndi ba Enelesi. Anadzuka, anadumpha ngalande, n'kundinong'oneza. "Ni chani maka maka?"

"Bomba. Ku Mozambique. Mng'ono wao."

Ba Enelesi anati anakulira kufupi ndi malire a Chanida, ndipo ali mwana anaona anthu akubwera kuchokera kutsidya, ena atanyamulidwa pa zitseko. Anamasula chitenje chake chapamwamba, anandipatsa nsonga imodzi, n'kugwira inayo. Tinatambasula nsaluyo pambali pa tayala, tonse titayang'ana kumsewu.

"Bamudala, chimbudzi chatseguka," anatero mokweza. "Ni chaulele. Ndipo iwe wa jekete, yang'ana kwina, ungaphunzile vinthu."

Lamba anafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Nyimba, Petauke ndi Sinda tinadutsa osaona kanthu. Ba Enelesi anatsika pa Katete, ndipo mabelo ake atatsitsidwa anagogoda pawindo la Atate. "Mukapeza wachiwili, munitumile uthenga!" Ulendo uno Atate anamwetulira. Ku Chipata, makilomita pafupifupi 570 kuchokera kumene tinanyamuka, tinagona kwa msuweni wa Amayi.

M'mawa tinapanikizana m'takisi ya kumalire a Mwami, anthu anayi kumbuyo, awiri kutsogolo. Osintha ndalama anatizinga tisanatsike, aliyense ndi mtolo wake m'manja. Ndinasintha pang'ono, ndikudziwa kuti andidya. Mapepala onse a Atate ndi a Zambia, koma m'pasipoti mwawo munalembedwa kumene anabadwira, ndipo wa pazenera la mbali ya Malawi anakhalitsa pa tsamba limenelo. Mtsempha wa pakhosi unaonekera.

"Bambo, mukupita kwanu?"

"Kwathu ndi ku George."

"George ndi ndani?"

"Ndi komboni, ku Lusaka," ndinalowererapo.

Anaseka, anadinda, n'kutifunira ulendo wabwino.

Za msewu wa Mchinji mpaka Lilongwe ndilibe chonena kupatula kuti minibasi inaima pa mudzi uliwonse. Ku depoti ya Lilongwe tinakwera ina ya ku Dedza imene inkaoneka yodzaza, koma titangolipira anthu atatu anatsika. Anali ongokhalira mipando kuti ikope okwera. Tinadikira anthu enieni. Ndinagula chimanga chootcha, Atate anakana. Kuyambira pa Mwami anali asanadye kanthu, ndipo mankhwala awo sayenera kumwedwa m'mimba mopanda kanthu. Ndinayamba kuwerengera m'mutu zipatala zimene zili panjira.

Dedza inatilandira ndi mphepo yolowa m'mafupa. Minibasi ikutsetsereka, Atate analoza malo ena kumene tsopano kuli nyumba za malata. "Apo panali misasa yathu. Tinkagona ngati nkhuni." Aka kanali koyamba pa ulendowu kuti alankhule okha osafunsidwa, ndipo ndinazindikira kuti chinenero chawo chasintha. Za "vinthu" ndi "nizayenda" zinatsala ku Mwami. Ankalankhula Chichewa chimene ndinkachimva akamapemphera pokha.

Pachipata cha Mozambique wa pazenera anafunsa kanthu m'Chipwitikizi. Ndisanatsegule pakamwa, Atate anayankha m'chinenero chomwecho, mawu ochepa, mutu uli pansi, chipewa chili m'manja. Sindinawamvepo akuchilankhula. Wa pazenerayo anadinda. Titatuluka Atate anandipatsa pasipoti kuti ndisunge.

"Anafunsa chiyani?"

"Anafunsa kuti ndakhala kuti nthawi yonseyi."

Minibasi kumeneko amaitcha chapa. Yathu inanyamula anthu, matumba a feteleza ndi njinga, n'kutifikitsa ku Ulongwe madzulo. Panjira ndinaona mashopu akale opanda madenga, makoma ali ndi mabowo, ndipo pambali pake penipeni timashopu tatsopano topakidwa utoto wowala, togulitsa mayunitsi a foni. Palibe m'chapamo amene anatembenuka kuyang'ana. Tinapeza chipinda m'nyumba ya alendo, ndipo Atate anadya nthochi ziwiri nditawaopseza kuti ndiimbira Amayi.

Phirilo tinaliona m'mawa mwake tili pa lole yaing'ono yopita ku Domwe: chimwala chachikulu chotuwa, mutu wake uli m'nkhungu. Atate analiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana nsapato zawo mpaka tinafika. Kuchokera pamsika tinakwera njinga zamoto mpaka m'munsi. Mudzi wawo kulibe. Anthu atabwerako kothawa anamanga pafupi ndi msewu. Tinakapereka moni kwa akuluakulu a deralo, monga kuyenera. Mmodzi anakumbukira dzina la agogo anga, koma wachibale sanapezeke. Anatiuza kuti tipite ndi Mayi Anjelina, amene munda wawo wa mbatatesi uli pamwamba kuposa ya onse.

Mayi Anjelina anali a msinkhu wanga, khasu paphewa, mapazi opanda nsapato. Anayang'ana nsapato za Atate, anayang'ana zanga.

"Mukufuna pamwamba penipeni?"

"Eya," anatero Atate.

"Kuli mphepo yokha kumeneko. Koma tiyeni."

Kanjirako kanali kopapatiza, udzu wouma uku ndi uku, chimodzimodzi ka ku Chongwe. Mayi Anjelina anatsogola, Atate pakati, ine kumbuyo. Atate ankayenda atagwira manja awo pachifuwa kuti asakhudze udzu. Ankapuma mokoka. Ndinkawaimitsa pafupipafupi ndikunamizira kuti ndatopa ndine, ndipo kangapo sikunali kunama. Tinadutsa minda ya chimanga chokololedwa, mitengo ya mapichesi yopanda masamba, kamtsinje kozizira. Kumbuyo kwathu chigwa chonse cha Angonia chinatambasuka, koma palibe amene anachiyang'ana. Ine maso anga anali m'mbali mwa njira, kusakasaka mwala wofiira. Sindinauone. Ndinayamba kukhulupirira kuti tifika.

Kenako njira inakhota kuzungulira thanthwe, ndipo tinatulukira pa malo otsetsereka olimidwa. Miyala yofiira inali paliponse. Inafola m'mizere kudula phirilo, mzere pamwamba pa mzere, kumanja ndi kumanzere kwa njira, ina utoto utasuluka, ina ukuonekabe bwino. Mzere wina unali pafupi ndi phazi la Atate.

Anaima. Sanakuwe. Anangoti, "Lusiya," n'kukhala pansi pakati pa njira, mawondo atawakumbatira kuti mapazi asatuluke m'kanjirako. Milomo inatuwa.

"Tibwerere, Batate. Tinagwirizana."

"Sindingathe kutembenuka."

Ndinayang'ana kumbuyo. Miyala ina tinali titaidutsa kale osaiona, itabisika m'udzu. Ndinaitana Mayi Anjelina ndi mawu amene sindinawazindikire kuti ndi anga.

Anabwerera, anaona kumene ndikuloza, ndipo anaponda pa mwala umodzi wofiira kuti atsike kufika pamene tinali.

"Iyi? Ndi yathu. Anthu a mabomba atamaliza anaisiya. Amayi anga ndi anzawo anaitola, anaiyala kuti dothi lisakokoloke. Miyala yonyamula kale, ndani angaisiye?"

"Ndiye kuti muno mulibe kanthu?" ndinafunsa.

"Ndalima muno chiyambire utsikana wanga."

"Nanga kumtunda uko? Anachotsa onse?"

"Anatero." Anasuntha khasu paphewa. "Ine ndimalekeza pa mzere wapamwambawo. Kupitirira apo kumapita abusa ndi anthu okapemphera. Amabwerako."

Ndinkafuna yankho lina, loti ndingathe kulipereka kwa Atate, koma analibe. Ndinawapatsa Atate madzi. Anamwa, ena akutayikira pajekete. Foni inalibe netiweki. Ndinaganiza za mtunda wobwerera kumsika, za njinga zamoto, za mmene munthu wamkulu angatsitsidwire m'kanjira kotero, ndi za zimene ndikanakawauza Amayi.

Tinakhala pamenepo nthawi yaitali. Mayi Anjelina anatopa kudikira, analowa m'munda mwawo n'kuyamba kukumba. Khasu lililonse likagwa, mapewa a Atate ankadumpha. Koma ankayang'ana. Kenako ndinaona kuti sakuyang'ana khasu, akuyang'ana kupyola, pakati pa munda, pamene panali mwala waukulu wong'ambika pakati, ndi mtengo wa mkuyu utamera mumng'alumo.

"Mtengo uja kunalibe," anatero. "Koma mwala ndi womwewo."

Sindinafunse kuti uti.

"Mayi," anaitana. Mawu anali ochepa, koma Mayi Anjelina anamva. "Pa mwala uwo mumafikapo?"

"Ndi pamene ndimadyera."

"Mng'ono wanga anatsalira pamenepo."

Mayi Anjelina anatsitsa khasu. Anayang'ana mwalawo ngati akuuona koyamba. Anati amayi awo ankanena kuti pamene ankatsegula mundawo anapeza mafupa, ndipo anawakwirira m'munsi mwa mwalawo chifukwa sankadziwa mwini wake. N'chifukwa chake pamenepo sabzalapo.

Atate anagwira phewa langa n'kuimirira. Anafika m'mphepete mwa njira, nsonga za nsapato zili pamalire a dothi lolimidwa, ndipo anaima. Mwalawo sunali patali. Mwana akanaponya chitsononkho n'kuumenya. Ananyamula phazi, n'kulibweza. Ananyamulanso, n'kulibwezanso.

"Mayi," anatero, "ndikupemphani. Bwerani muyambire pano. Muyende mpaka pamwalapo. Pang'onopang'ono, ndipo muzipondetsa."

Mayi Anjelina sanafunse chifukwa. Anabwera, anatembenuka, n'kuyamba kuyenda. Dothi linali lofewa chifukwa chokumbidwa kumene, ndipo phazi lililonse linkasiya chidindo chake, zala zonse zikuoneka. Atate anaika nsapato yawo m'phazi loyamba. Anadikira. Anaika inayo m'lachiwiri. Nsapato zinali zazikulu kuposa mapaziwo, ndipo ankaziika mosamala ngati mmene amaikira chitsulo pa chizindikiro akamadula mbaula. Ine ndinabwera m'mbuyo, ndipo ndinadzipeza ndikuchita chimodzimodzi.

Anafika. Anavula chipewa, anagwira mwalawo ndi dzanja lonse, ndipo analankhula ndi Kandido. Zimene ananena si za m'nkhani ino. Ine ndi Mayi Anjelina tinayang'ana kuchigwa.

Atamaliza, Mayi Anjelina anafunsa ngati tipitirire kumtunda. Atate anayang'ana mzere wapamwamba wa miyala, ndi udzu wosalimidwa kuseri kwake.

"Ayi."

Mayi Anjelina anawatambasulira khasu kuti akumbeko phando limodzi, atenge mbatatesi za m'munda umene mng'ono wawo wagona. Atate anabisa manja kumbuyo. Mayiyo anakumba okha, anasankha zing'onozing'ono, n'kuzimanga m'kathumba. Tinabwerera kunjira m'mapazi omwe aja, ndipo tinatsika. Pa mamita opitirira 2,000 aja, sindikukhulupirira kuti tinakwera ngakhale theka.

Netiweki inabwerera tili ku Ulongwe. Ndinatuluka panja kukaimba.

"Bakwela?" anafunsa Amayi.

"Sibanafike pamwamba."

Ndinamva nkhuku kumbali kwawo.

"Bali bwino?"

"Bali bwino."

"Basi," anatero, n'kudula.

Ulendo wobwerera unali wa chete. Chipata cha Calomue, Dedza, Lilongwe, Mchinji, Mwami. Kathumba ka mbatatesi kanali m'thumba la jekete, ndipo palibe wa pachipata amene anakafunsa. Basi ya ku Lusaka itaima patchire kupitirira Nyimba kuti anthu athandizike, ndinawayang'anitsitsa Atate. Anatsika, anaima pa phula pambali pa tayala, n'kukweranso. Palibe chimene chinasintha. Ndinayamba kukonza m'mutu mawu okawauza Amayi, ndi kuganiza kuti ndani azikawaphikira Atate ku George mvula ikayambanso.

Tinaoloka Luangwa, tinadutsa Rufunsa. Ndinali nditayamba kusinza pamene ndinamva akugogoda pachitsulo cha mpando.

"Ba kondakita, tiseluka pa Chongwe."

"Tikiti yanu ni ya Lusaka, mudala."

"Nidziwa."

Ndinkaopa kuti ndikalankhula asintha maganizo.

Takisi inatisiya pamene msewu wafumbi umathera. Kanjira ka Amayi kanali katakula pang'ono chifukwa cha maulendo awo a kumjigo. Atate anagwira manja pachifuwa n'kulowa. Amayi anali panja akupeta nyemba. Anationa tikubwera, ndipo sanaimirire.

"Mwabwela kutsazika?"

"Sininafike pamwamba, amake Lusiya."

"Namva."

Atate anatulutsa kathumba kaja. "Izi zifuna malo a chinyontho. Ni pati?"

Amayi anayang'ana mbatatesizo, anayang'ana amuna awo. Kenako analoza ndi chibwano kumunsi kwa puloti, kufupi ndi dambo, kumene kunalibe njira iliyonse, udzu wokhawokha.

"Tsogolani," anatero Atate. "Ine niziponda pamene mwaponda."

"Nitsogole? Nakhala mbuzi ine?"

M'banja mwathu mbuzi sitchulidwa mwachisawawa.

"Mbuzi ija inakhala moyo," anatero Atate.

Amayi anaika lichero pansi. Anamangitsa chitenje, anatenga khasu limene linatsamira pakhoma, n'kuliika paphewa pawo. Analowa m'udzu akupondetsa mwamphamvu, phazi lililonse likugonetsa udzu pansi. Atate anaima pamalire. Ananyamula phazi, n'kuliika m'malo oyamba.

"Musatalikitse mapazi," anatero.

Amayi sanatembenuke. Anafupikitsa.